Agologolo, Mavu ndi Malawi a Moto: Kodi Mayina a Matimu a Mayiko Anachokera Kuti?

 Lero tiyambe ndi chilape. Chilape! Ndamva mwayankha kuti nachize. Mverani tsono: ndi malo ati kumene agologolo anagwetsa mikango, nsomba yokalamba inazimitsa nyenyezi, ndipo malawi a moto anawaula nkhandwe za m'chipululu?

Musavutike kukafuna m'nkhalango kapena m'nthano za Kalulu. Yankho lake ndi bwalo la mpira wamiyendo, ndipo zitatu zonsezi zinachitikadi, anthu akuonerera.

Pafupifupi timu ya dziko lililonse imakhala ndi mayina awiri. Loyamba ndi la dziko lenilenilo, lomwe limalembedwa m'mabuku a FIFA, bungwe loyendetsa mpira padziko lonse: Malawi, Ghana, Brazil. Lachiwiri ndi lija ochemerera amafuula mpaka mawu kusasa, lija owulutsa mpira pawailesi amalitchula mokweza mpira ukamayandikira pagolo. Dzina lachiwirili limagwira ntchito ngati mfunda. Agogo akanena kuti "Zikomo aPhiri" kapena "Wakula Nabanda", sikuti akungokuitanani ayi, akukukumbutsani kumene munachokera ndi anthu amene muli nawo magazi amodzi. Mayina a matimu nawonso amanena za kwawo: nyama za kumeneko, mbendera, mafumu akale, ngakhale chuma chobisika pansi pa nthaka.

Tiyambe ndi kwathu kuno

Timu yathu timaitcha Flames. Liwuli ndi la Chingerezi, koma chinthu chake mumachiona tsiku lililonse mayi akasonkhezera nkhuni pamafuwa: malawi a moto. Ndiye kuti dzina la timu ndi dzina la dziko ndi limodzi lomwelo, langonenedwa m'zilankhulo ziwiri. Ndi mayiko ochepa amene ali ndi mwayi wotere.

Dzina la dziko lathu linachokera ku ufumu wa Maravi, umene zaka mazana angapo zapitazo unkalamulira chigawo chachikulu cha Malawi wa lero, kum'mawa kwa Zambia ndi mbali ina ya Mozambique. Mafumu ake ankatchedwa Kalonga. Nanga n'chifukwa chiyani makolo aja ankadziwika ndi moto? Akuluakulu amafotokoza mosiyana. Ena amati ndi dzuwa likamatuluka panyanja, madzi n'kumanyezimira ngati akuyaka. Ena amati ndi moto wa m'ng'anjo zosungunulira chitsulo umene usiku unkaoneka patali, pakuti anthu aja anali amisiri osula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Dziko litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, dzina loti Nyasaland linatayidwa, ndipo dzina la makolo linabwerera, dzuwa lotuluka n'kukhala pambendera.

Moto umenewu unayakadi pa 11 Januwale 2010 mumzinda wa Luanda ku Angola, pampikisano wa chikho cha mayiko a mu Africa. Tsikulo Flames inakumana ndi Algeria, timu yotchedwa Fennecs. Fennec ndi kankhandwe kakang'ono ka m'chipululu cha Sahara. Makutu ake ndi aakulu zedi poyerekeza ndi thupi, ndipo amakathandiza kutaya kutentha komanso kumva tizilombo toyenda pansi pa mchenga. Algeria inali itapeza kale malo kumpikisano wa dziko lonse wa chaka chomwecho, moti ambiri ankaganiza kuti Malawi angokhala wongoperekeza. Koma Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda anagwedeza ukonde, masewero n'kutha 3 kwa duu. Mphunzitsi anali Kinnah Phiri. Gawo limodzi la chilape chathu ndi limenelo.

Timu yathu ya atsikana nayo sinapite kutali ndi moto. Imatchedwa Scorchers, kutanthauza otentha moti amawaula. Mu 2023 atsikanawa anatenga chikho cha COSAFA atagonjetsa Zambia 2 kwa 1 m'ndime yotsiriza, Temwa Chawinga ali patsogolo. Ndipo kutali ku Ulaya tili ndi anzathu ofanana nawo dzina: timu ya Croatia, ya Luka Modrić uja, kwawo amaitcha Vatreni, kutanthauza anthu a moto.

Kwa anansi athu

Mwana aliyense wolankhula Chichewa amadziwa chipolopolo. Timu ya Zambia imatchedwa Chipolopolo, ndipo ena amawonjezera kuti zipolopolo za mkuwa, chifukwa mkuwa wa m'migodi ya ku Kitwe, Chingola ndi Mufulira ndiwo chuma chachikulu cha dzikolo. M'matauni a migodi omwewo ndimo munakulira osewera ambiri otchuka a ku Zambia. Atsikana awo, a Barbra Banda ndi anzake, ndi Copper Queens, mafumukazi a mkuwa.

Koma kale timuyi inali ndi dzina lina. Inkatchedwa KK Eleven, kutengera zilembo zoyamba za dzina la mtsogoleri woyamba wa dzikolo, Kenneth Kaunda, amene ankakonda mpira kwambiri. Dzinali linkamveka kwambiri pakamwa pa Dennis Liwewe, wowulutsa mpira wa mawu amphamvu amene anabadwira ku Malawi konkuno. Kaunda atachoka pampando mu 1991, dzina la munthu mmodzi linasiyidwa, n'kubwera dzina loti aliyense alitenge ngati lake.

Dzina latsopanoli lisanazolowereke, Zambia inagwa m'chisoni chachikulu. Pa 27 Epulo 1993 ndege imene inanyamula timuyi popita ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka mumzinda wa Libreville ku Gabon. Anthu onse 30 anamwalira, 18 mwa iwo anali osewera. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankasewera ku Netherlands ndipo amayenera kukakumana ndi anzakewo ku Senegal. Patapita zaka 19, mu 2012, ndime yotsiriza ya chikho cha Africa inachitikira mu Libreville momwemo. Anyamata a Chipolopolo anayamba apita kugombe kukaponya maluwa m'madzi pokumbukira achimwene awo aja, kenako anagonjetsa Ivory Coast 8 kwa 7 pamapenate. Mukamva munthu wa ku Chipata kapena ku Lusaka akufuula "Chipolopolo!", dziwani kuti m'liwu limenelo muli misozi ndi chimwemwe pamodzi.

Ku Mozambique kuli Mambas. Musaganize za mamba a chambo, iyi ndi njoka ija yaliwiro ndi yaululu woopsa. Zimbabwe ndi Warriors, ankhondo. Tanzania ndi Taifa Stars, nyenyezi za fuko, pakuti taifa m'Chiswahili ndi fuko kapena dziko, pomwe atsikana awo ndi Twiga Stars, ndipo twiga ndi nyamalikiti. Kenya ndi Harambee Stars. Harambee ndi mfuu yoti tiyeni tikokere pamodzi, imene mtsogoleri wawo woyamba Jomo Kenyatta ankaikonda, ndipo inalembedwa pachizindikiro cha dzikolo. Botswana ndi mbidzi, Lesotho ndi Likuena, kutanthauza ng'ona, chifukwa ng'ona ndi nyama ya fuko la mafumu a kumeneko. Eswatini ndi Sihlangu Semnikati, chishango cha mfumu.

Nali lina loti muliyese nokha. Timu ya Rwanda imatchedwa Amavubi. Litchuleni pang'onopang'ono: a-ma-vu-bi. Mwamva liwu lathu mkatimo? Ndi mavu, aja amamanga chisa pansi pa denga kapena mumtengo wa mango. Chinyarwanda ndi Chichewa ndi zilankhulo zapachibale, n'chifukwa chake mawuwa akufanana. Rwanda ndi dziko laling'ono, ndipo anasankha kachilombo kakang'ono komwe kakakuluma sukaiwala. Ine dzina limeneli ndimalikonda kuposa mayina ambiri a zilombo zikuluzikulu.

Mikango yachuluka

Vuto la zilombo zikuluzikulu ndi loti aliyense amazifuna. Mu Africa muno matimu atatu otchuka onse ndi mikango, moti pamafunika liwu lina lowasiyanitsa.

Mikango ya Cameroon ndi Lions Indomptables m'Chifalansa, mikango yosaweteka. Liwu loti yosaweteka linawonjezedwa ndi boma mu 1972, timuyi italephera kutenga chikho cha Africa pomwe mpikisano unachitikira pakhomo pawo. Ankafuna dzina lodzutsa mtima. Mu 1990, pampikisano wa dziko lonse, mikango imeneyi inadabwitsa anthu pogonjetsa Argentina ya Diego Maradona 1 kwa duu, n'kufika ndime ya matimu 8, Roger Milla akuvina pakona ya bwalo akamwetsa chigoli.

Mikango ya Senegal ndi ya Teranga. Limeneli ndi liwu la Chiwolof, ndipo limanena za kulandira bwino mlendo, kumupatsa mpando ndi chakudya ngakhale simukumudziwa. Taganizani, mkango wochereza alendo! Anthu a ku Senegal anafuna kuti dziko lidziwe mphamvu zawo ndi ulemu wawo nthawi imodzi.

Mikango ya Morocco ndi ya Atlas, dzina la mapiri aatali a kumpoto kwa Africa. M'mapiri amenewo munkakhala mtundu wa mikango ya manyenje ambiri akuda, koma alenje anaipha mpaka inatheratu m'tchire. Yotsala imangopezeka m'malo osungira nyama, monga mumzinda wa Rabat. Mu 2022 Morocco inakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika ndime ya matimu anayi pampikisano wa dziko lonse. Ndi timu yomweyi imene inatitulutsa 2 kwa 1 mumpikisano wa chikho cha Africa ku Cameroon mu Januwale chaka chomwecho, tsiku lija Gabadinho Mhango anamwetsa chigoli chochokera kutali chimene anthu akuchikambabe.

Ziwombankhanga nazo zilipo zambiri: Mali, Tunisia ndi Nigeria. Nigeria yasintha dzina kangapo. Poyamba, dziko lisanalandire ufulu, ankavala zofiira ndipo ankatchedwa Red Devils. Mu 1949 osewera awo anapita ku England ndipo ambiri anasewera opanda nsapato, monga momwe inu mumasewerera chikulunga pafumbi. Atalandira ufulu mu 1960 anakhala Green Eagles, ziwombankhanga zobiriwira ngati mbendera yawo, ndipo kuyambira 1988 ndi Super Eagles. Njovu nazonso ndi ziwiri: Ivory Coast, dziko limene dzina lake limatanthauza gombe la minyanga, ndi Guinea, kumene amati Syli, njovu m'chilankhulo cha Chisusu.

Mayina oti wina sangabwereke

Mayina okoma kwambiri, m'kuona kwanga, ndi amene dziko lina silingawatenge ngakhale litafuna.

Angola ndi Palancas Negras. Imeneyi ndi mphalapala yakuda ya nyanga zazitali zokhotera kumsana, ndipo mtundu wake umapezeka ku Angola kokha, makamaka m'chigawo cha Malanje. Ethiopia ndi Walia, mbuzi ya m'tchire yokhala m'maphompho a mapiri a Simien, ndipo kulibenso kwina padziko kumene mungaipeze. Egypt ndi Afarao, mafumu aja mumawamva m'Baibulo, ndipo timuyi yatenga chikho cha Africa kokwana ka 7, kuposa ina iliyonse.

Koma imvani za Comoros, tizilumba ta m'nyanja yamchere pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Timu yawo imatchedwa ndi dzina la nsomba, coelacanth, imene asodzi a kumeneko amaitcha gombessa. Akatswiri a sayansi ankaidziwa nsombayi kudzera m'mafupa ake osanduka miyala, ndipo ankakhulupirira kuti inatha zaka pafupifupi 66 miliyoni zapitazo. Mu 1938 asodzi a kufupi ndi East London ku South Africa anakola nsomba yachilendo, yabuluu, ya mamba olimba ndi zipsepse zonenepa zooneka ngati timiyendo. Mayi wina wosamalira nyumba yosungiramo zinthu zakale, Marjorie Courtenay-Latimer, ataiona anazindikira kuti si nsomba wamba ndipo anaisunga. Inali yomwe ija ankati inatha! Akatswiri anafunafuna ina kwa zaka 14, n'kukaipeza mu 1952 ku Comoros, kumene imakhala m'mapanga a pansi penipeni pa nyanja. Imatalika mpaka kuyandikira mamita awiri.

Mu Januwale 2022 nsomba yokalambayi inafika koyamba kumpikisano wa chikho cha Africa, ndipo inagonjetsa Ghana 3 kwa 2. Ghana ndi Black Stars, nyenyezi zakuda. Gawo lachiwiri la chilape lamasulika. M'masewero otsatira magoloboyi onse atatu a Comoros analephera kusewera, wina atavulala, ena chifukwa cha Covid-19, moti wotseka kumbuyo Chaker Alhadhur anavala magolovesi n'kuima pagolo. Anagonja ndithu kwa Cameroon, koma 2 kwa 1 yokha.

Nyenyezi yakuda ya Ghana nayo ili ndi mbiri. Mu 1919 Marcus Garvey wa ku Jamaica, amene ankalimbikitsa anthu akuda padziko lonse kuti azidzidalira, anayambitsa kampani ya sitima zapamadzi yotchedwa Black Star Line. Kwame Nkrumah ankalemekeza maganizo a Garvey. Ghana italandira ufulu mu 1957, nyenyezi yakuda inaikidwa pakati pa mbendera imene anajambula mayi Theodosia Okoh, ngati chizindikiro cha ufulu wa Africa yense, ndipo timu inatengera pomwepo.

Burkina Faso ndi Étalons, akavalo amphongo. Anthu a mtundu wa Mossi amasimba za Yennenga, mwana wamkazi wa mfumu, katswiri wokwera kavalo ndi woponya mkondo. Bambo ake ankamudalira pankhondo moti ankakana kuti akwatiwe. Tsiku lina anathawa pakavalo wake, n'kukafika m'nkhalango kwa mlenje wina dzina lake Rialé. Mwana amene anabereka anamutcha Ouédraogo, kutanthauza kavalo wamphongo, pothokoza kavalo uja, ndipo mwanayo ndiye kholo la mafumu a Amossi. Mpaka lero pachizindikiro cha dzikolo pali akavalo awiri oyera.

Ena amangoyang'ana malaya

Kunja kwa Africa matimu ambiri amatchulidwa ndi mtundu wa yunifomu. France ndi Les Bleus, abuluu. Spain ndi La Roja, ofiira. Argentina ndi Albiceleste, oyera ndi abuluu ngati thambo. Koma pali awiri odabwitsa. Mbendera ya Italy ndi yobiriwira, yoyera ndi yofiira, komabe timu yawo ndi Azzurri, abuluu. Buluuyo anali mtundu wa banja lachifumu la Savoy, ndipo ngakhale ufumu unatha mu 1946, malaya anatsala. Netherlands nayo ndi Oranje, mtundu wa lalanje wakupsa, womwe pambendera yawo palibe, chifukwa banja la mafumu awo limatchedwa Orange.

Brazil kale inkavala zoyera. Mu 1950 inagonja kwa Uruguay 2 kwa 1 pabwalo lawo lalikulu la Maracanã, chikho cha dziko lonse n'kuwapulumuka m'manja. Anthu anakhumudwa mpaka kudana ndi malaya oyerawo. Mu 1953 nyuzipepala ina inachititsa mpikisano wojambula yunifomu yatsopano ya mitundu ya mbendera, ndipo anapambana anali mnyamata wosakwana zaka 20, Aldyr Garcia Schlee. Iye ndiye anajambula malaya achikasu ndi kabudula wabuluu. Kuchokera pamenepo timuyi inayamba kutchedwa Canarinho, kambalame kachikasu koimba bwino. Inu amene mumakonda kujambula kumapeto kwa kope, mwamva?

Koma si onse amene amayang'ana malaya. Ku Philippines timu inkadziwika ndi dzina limene ochemerera anasankha loti Azkals, agalu a m'misewu opanda mwini, amene amapirira njala ndi mvula. Jamaica ndi Reggae Boyz chifukwa cha nyimbo za kwawo. Japan ndi Samurai Blue, pokumbukira ankhondo awo akale.

Amatcha ndani?

Nthawi zina ndi boma, monga tamvera za Cameroon. Nthawi zina ndi ochemerera. Koma kawirikawiri ndi atolankhani. South Africa inaletsedwa kusewera ndi mayiko ena kwa zaka zambiri chifukwa cha ulamuliro watsankho. Itabwerera mu 1992, atolankhani a nyuzipepala ya Sowetan anayamba kuitcha Bafana Bafana, kutanthauza anyamata anyamata m'Chizulu, popeza timuyo inali yongoyamba kumene. Liwu loti mfana, limene achimwene anu amaitanirana m'tauni, ndi lomweli. Patangopita zaka zinayi, mu 1996, anyamata aja anatenga chikho cha Africa, ndipo dzina linakhazikika. Atsikana awo ndi Banyana Banyana.

Tsopano agologolo aja. Kwa zaka zambiri timu ya Benin inkatchedwa Écureuils, agologolo, kanyama kakang'ono kodziwa kukwera pamwamba. Mu 2019, pampikisano wa chikho cha Africa ku Egypt, agologolowa anakumana ndi mikango ya Atlas m'ndime ya matimu 16. Analepherana 1 kwa 1, ndipo pamapenate Benin inapambana 4 kwa 1. Chilape chathu chatha pamenepo. Koma akuluakulu a mpira kumeneko ankaona kuti gologolo saopsa aliyense, choncho mu 2022 anasintha dzina kukhala Guépards, akakwiyo, zilombo zamawangamawanga zothamanga kuposa nyama ina iliyonse ya pamtunda. Ine ndinamva chisoni. Zilombo za mano ndi zikhadabo zinalipo kale zambiri mu mpira wa Africa, pomwe gologolo analipo mmodzi yekha, ndipo anali atagwetsa kale mkango.

Nanga timu yanu ya chikulunga, ija mumaika njerwa ziwiri ngati golo, mumaitcha chiyani? Ndikudziwa ambiri mumathamangira mayina a matimu a ku England ndi ku Spain. Sabata ino yesani zina. Yang'anani phiri, mtsinje, mtengo kapena mbalame ya kwanuko, mufunsenso agogo kuti mudzi wanu unkadziwika ndi chiyani kale. Mukapeza dzina loti ana a mudzi wina sangalibwereke, kambiranani ndi anzanu, mulilembe pakatoni, ndipo Loweruka likubwerali mukalikweze pafupi ndi golo lanu.